Mpongozi pa Tebulo la ku Kamwala

Ine ndinangopita ngati woperekeza. Amake Melody ndi ine takhala zaka zambiri tikugulitsa nthochi ndi mbatata m'mphepete mwa msewu waukulu pa Chinyunyu, matebulo athu moyandikana, ndipo munthu amene umapsa naye dzuwa limodzi sungamukanire akati tiye ku Lusaka. Chinali chaka chotsatira chija tinadya chimanga chachikasu. Mwana wawo Melody, amene ankaluka tsitsi m'tauni, anatumiza mawu kudzera mwa kondakitala wa minibasi kuti wapeza mwamuna, munthu wa ku Nigeria wogulitsa masipeya a galimoto, ndipo akufuna mayi ake akamuone ndi kumuvomereza.

Melody ndiye mwana yekhayo amene anawatsalira. Awiri aakulu tinawaika m'manda motsatizana, ndi matenda aja sitinkawatchula dzina, ndipo adzukulu anali pakhomo kudya za nthochi zomwezo. Ndiye musadabwe kuti mayiyu anakwera minibasi mtima utauma kale. Njira yonse ankangobwereza kuti akupita kukakana. Ine ndinkangovomera, chifukwa msana unkandiwawa, komanso kutsutsana ndi munthu wotero n'kutaya malovu.

Minibasi inafa titangodutsa Chongwe. Tinakhala pa dzuwa, dalaivala ali pansi pa galimoto kumanga chinachake ndi mphira, mpaka mithunzi inayamba kutalika. Tinafika mu Lusaka mapazi atatupa, m'mimba muli tiyi wam'mawa yekha.

Melody anatichingamira pa siteshoni. Ndinkayesa atitengera kunyumba kwake kuti tisambe, tipume, kenako kubwere munthu wamkulu kudzalankhula m'malo mwa mnyamatayo, monga zimakhalira kwa anthu. Ayi ndithu. Anatidutsitsa m'makwalala a ku Kamwala, kuseri kwa masitolo a nsalu, n'kutiuza kuti mwamunayo akutidikira pamalo odyera a anthu akwawo, chifukwa kwawoko ulemu waukulu ndi kudyetsa munthu. Amake Melody anangofwenthera mphuno.

Malowo anali chipinda chimodzi, matebulo apulasitiki, fani yosazungulira, ndi fungo la nsomba youma ndi mafuta ofiira lokulonjera usanalowe. Amuna ena pakona ankalankhula ngati atsala pang'ono kumenyana, koma Melody anati akungocheza. Mnyamata wathu anadzuka atangotiona. Dzina lake anali Ikenna, wamtali, malaya ochapa bwino, koma oyilo wakuda ali m'zikhadabo, zimene zinandiuza kuti ntchito amaigwira ndi manja ake. Anawerama, nagwira dzanja la amake Melody ndi manja ake onse awiri, n'kuwatchula kuti Mama mokweza mpaka ophika anasuzumira. Ndisabise, ine ndinamukonda. Koma anakhala moyang'anizana nawo penipeni, maondo kutsala pang'ono kugundana, ndipo ndinamva manyazi m'malo mwake.

Mayi wophika, wamkulu thupi, anabweretsa madzi osamba m'manja, kenako mbale. Munali chinangwa chokanda, chomata ngati ulimbo, ndi ndiwo za nthanga zosinja zosakaniza ndi masamba zimene ankazitchula egusi, nyama ya mbuzi, ndiponso chikopa cha ng'ombe chophikidwa mpaka kufewa. Ine sindinadikire kuuzidwa kawiri. Mbamu yoyamba inandionetsa nyenyezi masana. Tsabola wake si uja timathira pang'ono pambali; uyu anali mwini nyumba, ndiwo zinali alendo. Ikenna anaseka n'kundionetsa kuti chinangwacho sachitafuna, amangomeza. Ndinapukuta mamina ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza, chifukwa njala inali itandikwana.

Ndili pakati pa mbale m'pamene ndinazindikira kuti mnzanga sanasambe m'manja. Anali atatembenuzira mpando kumbali, maso ali pa kalendala ya pakhoma, manja atawapinda pamiyendo.

Dzanja langa linaima m'mbale. Kwathu mpongozi sadya pamaso pa mkamwini, ngakhale njala imupotokole bwanji, ndipo samuyang'ana m'maso. Pamaso pa munthu wamba, wodutsa ndi njira, ungadye mpaka kunyambita zala, palibe kanthu. Ndiye mayi uyu, amene anabwera kudzakana, anali kumuchitira mnyamatayu manyazi a mkamwini. Kaya mtima unafewa atamuona, kaya thupi linangochita lokha zimene linaleredwa nazo, sindikudziwa. Melody naye anaona. Ananditsina pansi pa tebulo, nkhope yake ikuwala ngati ya kamwana.

Koma Ikenna sanaone chilichonse cha izi. Iye anaona mayi wokana chakudya chake. Anaitanitsa mpunga wofiira wophikidwa mu tomato. Mnzanga sanatembenuke. Anaitanitsa msuzi wa nsomba. Tebulo linadzaza mpaka mbale zina kukwerana. Mayi wophika uja anatuluka, manja m'chiuno, kufunsa m'Chingelezi chimene chalakwika ndi chakudya chake. Melody anayesa kumunong'oneza mwamuna wakeyo za mwambo wathu, namupempha kuti atuluke pang'ono kuti mayi adye. Iye anapukusa mutu. Anati kwawo munthu wamkulu akakana mbale yako ndiye kuti wakukana iweyo, ndipo palibe manyazi pakati pa mayi ndi mwana wake, pakuti kuyambira lero awa ndi mayi ake. Kenako anakankhira mbale yake kutali n'kunena kuti naye sadya mpaka Mama adye.

Tinakhala choncho. Anthu awiri anjala, aliyense kulemekeza mnzake ndi mtima wonse, chakudya chikuzizira, ntchentche zikukondwerera. Onse awiri ananditopetsa. Ndinalakalaka mphasa yanga ya ku Chinyunyu kuposa china chilichonse padziko.

Amake Melody ndiwo anayamba kulankhula, maso akadali kukhoma.

"Umufunse. Akakutenga, muzakhala kuti?"

Melody anayankha msangamsanga kuti mu Lusaka momwemo, pafupi, minibasi imodzi chabe.

"Sinifunsa iwe. Funsa iye."

Mwanayo anamasulira. Ikenna akanatha kunama, ndipo masiku ena ndimalakalaka akananama. Koma anali munthu woona mtima, ndipo anayankha monyadira ngati akupereka mphatso. Anati pakapita zaka zochepa adzatseka sitolo n'kubwerera kwawo, chifukwa iye ndiye mwana wamwamuna woyamba ndipo malo a bambo ake akumudikira. Mkazi amatsata mwamuna. Ana adzakulira pakhomo pa agogo awo aamuna ndi kutenga dzina lawo. Analonjeza kuti Melody sadzasowa kanthu, ndipo Mama azidzalandira zithunzi ndi thandizo.

Melody anayamba kumasulira modula, kusiya zowawa. Anaiwala kuti mayi ake anachapapo zovala kwa masisitere ku Mpanshya ali mtsikana, ndipo Chingelezi amachimva ngakhale sachilankhula.

"Na bana bonse?" anafunsa amake Melody.

Melody anagwedeza mutu kuvomera.

Kwathu ana ndi a kuchikazi. Mwana wamkazi ndiye mudzi, ndiye amakusambitsa ukadwala, ndipo ana ake ndiwo amadzakhala pabwalo lako iwe utapita. Mnzangayu anali ataika awiri, ndipo tsopano ankapemphedwa kuti apereke wachitatu wamoyo kudziko limene minibasi siifika.

"Manje ine azaniika ndani?"

Analankhula motsitsa, ngati akufunsa kalendala ija. Ikenna anafunsa kuti Mama akuti chiyani. Melody sanamasulire.

Kenako mpando unalira pasimenti. Amake Melody anautembenuza n'kuyang'anizana ndi mnyamatayo. Anakokera beseni pafupi, nasamba m'manja pang'onopang'ono, mosafulumira. Anamuyang'ana m'maso, monga umayang'anira munthu wodzagula nthochi, natema chinangwa, nasunsa mu egusi wozizira uja, n'kuika m'kamwa.

Ikenna analumpha ndi chimwemwe. Anaomba m'manja, naitanitsa zakumwa za aliyense m'chipindamo. Amuna a pakona aja anakuwa, mayi wophika anavina pang'ono ndi chikho m'manja. Pakati pa phokoso lonselo Melody anagwira mkono wa mayi ake.

"Amama, osadya. Napapata, osadya."

Iwo anachotsa dzanja la mwanayo mofatsa n'kutemanso mbamu ina. Tsabola anawatulutsa thukuta ndi misozi, koma sanamwe madzi, sanapume. Anadya nyama, anadya chikopa chija, anadyako ndi mpunga, maso ali pa mnyamatayo. Ine ndinakankhira mbale yanga pambali. Ndinawamvera chisoni onse atatu, ndipo sindinadziwe woti ndimukwiyire. Ikenna ataona Melody akulira anamusisita paphewa akuseka, poyesa kuti ndi misozi ya chikondwerero.

Atamaliza, amake Melody anasambanso m'manja, nathokoza mnyamatayo mwaulemu ndithu, monga umathokozera mlendo amene wakukweza pa galimoto yake. Kenako anandifunsa ngati minibasi yomaliza ya ku Chinyunyu tingaipeze. Melody anawapempha kuti agone, akambirane m'mawa. Anayankha kuti adzukulu ali okha.

Ikenna anakana kuti tinyamule kanthu. Anatenga thumba la amake Melody n'kuliika paphewa, natsogola m'makwalala a ku Kamwala kulowera ku siteshoni, akuimba nyimbo yakwawo ndi kutembenuka pafupipafupi kufunsa Melody tsiku limene angatumize anthu ake kumudzi. Ife atatu tinkatsatira m'mbuyo, mapazi olemera, ndipo panalibe mmodzi wa ife amene anali ndi mphamvu zomuuza.