Nkhumba ya a Zdenka

Mwana amene zaka zonsezi sanakutengerenipo ngakhale kumsika wa ku Vinkovci akabwera n'kunena kuti tiyeni kunyanja, munthu wanzeru sathamangira kukapukuta chikwama. Amayamba wakhala pansi. A Zdenka anakhala pansi pakhonde, mpeni wosendera mbatata uli m'manja, n'kumuyang'ana mwana wawo Dalibor kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Kunyanja kukatani?"

"Kukapuma, amayi. Masiku ochepa chabe, Ogasiti akamayamba. Tikagona ku Zadar, kenako tizikazungulira m'midzi ya kufupi konko. Inu, ine, Vlatka ndi Dunja."

"Ndakuuza kuti ndatopa?"

Dalibor anaseka, koma kuseka kwake kunali kopanda mchere. Anatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa nyumba za miyala, mitengo ya nkhuyu ndi madzi obiriwira. A Zdenka sanayang'ane foniyo. Ankayang'ana khutu la mwana wawo, chifukwa chiyambire ali kamnyamata, khutu limenelo limafiira akamabisa kanthu. Linali psuu.

Midzi ya kufupi ndi Zadar ankaidziwa mbiri yake. Chaka chatha a Ruža a patsidya pa msewu anatengedwa ndi ana awo kuti akapitidwe mphepo ya kunyanja. Ananyamuka atavala chipewa chatsopano, akubayibitsa mudzi wonse. Galimoto inabwerako mpando wakumbuyo uli wopanda munthu. Anakawasiya kunyumba yosungirako okalamba m'mudzi wina konko, ati mpweya wake ndi wabwino pa chifuwa. Lero pakhomo pa a Ruža pakukhala anthu achilendo amene anadula mtengo wa mtedza tsiku lomwe anafika. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Kuyambira tsiku limenelo a Zdenka anatchera khutu. Sizinali zovuta, pakuti Dalibor ndi banja lake ankakhala m'nyumba yatsopano kuseri, bwalo lake lomwelo, imene anamanga ndi malemu bambo ake.

Woyamba kudziulula anali mpongozi. Vlatka, amene moni wake unkachita kugulidwa, anayamba kubwera m'mawa ndi khofi. Tsiku lina anafunsa kumene amatenga mankhwala awo a mtima. Tsiku linzake anawakhazika pansi kuti awaphunzitse kuimba foni yoonana nkhope.

"Mungodina apa, amayi, Dunja aoneka pomwepo."

"Dunja ndikamufuna ndimangokuwa pawindo."

"Komabe ndi bwino kudziwa."

Ndi bwino kudziwa! A Zdenka anadziona ali pabedi lachitsulo pakati pa nkhalamba zosadziwika, akudina kagalasi kuti aone mdzukulu wawo. Khofiyo anakamuthira pa maluwa.

Dalibor naye anagwidwa ndi khama lachilendo. Denga limene linadontha zaka ndi zaka iye akungoti mawa, analikonza. Anapenta geti. Anawaza nkhuni dzuwa la Julaye likuswa mtengo, n'kuziunjika mpaka kudenga la shedi. Anthu odutsa ankati a Zdenka anabala mwana. Iwo ankangoti eya, koma mumtima ankadziwa kuti mbuzi yopita kumsika ndi imene amaichotsa nthata. Nyumba yopentedwa, ya nkhuni zake kale, wogula sanenerera.

Chimene chinawatsimikizira ndi nkhumba. Anamupeza Dalibor atatsamira khola, akuiyang'ana ikudya chimanga.

"Amayi, nkhumbayi bwanji tiwagulitse aneba athu a Mato? Akuifuna."

A Zdenka anaika chidebe pansi. Pakhomo pamenepo nkhumba sinagulitsidwepo. Imagulidwa kamwana masika, n'kudyetsedwa mpaka kumapeto kwa Novembala, chisanu chikayamba kuyeretsa udzu. Tsiku lopha limakhala la banja lonse. Amuna amamwa kaye tambula ya kachasu wa rakija kuti manja atenthe. Chimwalirire bambo ake, mpeni amagwira ndi Dalibor, Vlatka amatakasa mafuta mumphika waukulu, ndipo tsabola wa m'masoseji sathira wina koma a Zdenka, ndi dzanja lawo, osayeza. Munthu wogulitsa nkhumba mu Julaye ndiye kuti akudziwa kuti Novembala pakhomopo sipadzafuka utsi.

"Yakulakwira chiyani?"

"Ayi, kungoti ikukuvutitsani. Zidebe zimenezi ndi msana wanuwo..."

"Msana wanga wakutuma?"

Khutu lija linafiiranso. Mantha anawagwira a Zdenka, mantha enieni. Nyumba imeneyi analowamo ali mkwatibwi. Amuna awo anatsirizikira m'chipinda cha kumsewu, ndipo manda awo anali pamtunda woyenda wapansi Lamlungu lililonse.

Loweruka masana akumangirira tomato kuseri kwa nyumba yatsopano ija, anamva mawu a Vlatka ndi Dalibor pawindo la kukhitchini. Sanachite kufuna kumvetsera, koma sanachokeponso.

"Uwauze lero, Dalibor. Kuwabisira chonchi n'kulakwa."

"Ayi, tikawauzira konko. Akakaona nyanja, atadya nsomba, mtima udzafewa."

"Adzalira."

"Kulira adzalira basi. Bola akalirire kumeneko."

Galu wamkota sakandira pachabe. A Zdenka anamaliza mzere wa tomato wonse n'kukasita diresi lawo lakuda.

Lamlungu onse anadya kunyumba yaikulu monga mwa masiku onse. A Zdenka anadikira kuti msuzi uthe. Kenako anamuuza Dunja, amene anali ndi zaka zoyambira sukulu, kuti akaone ngati nkhuku zaikira. Chitseko chitatsekeka, anagogoda tebulo ndi supuni.

"Ku Zadar sindipita."

"Amayi, malo ogona tinapeza kale..."

"Mukagonemo nokha. Mukuyesa ndine Ruža ine? Mundiveke chipewa, ndibayibitse anthu, mukanditaye kumidzi ya miyalayo? Iwe Dalibor, ndinakubereka m'nyumba muno chipale chofewa chitatseka msewu, popanda dokotala. Muno ndidzatuluka miyendo ili kutsogolo. Denga wakonza, zikomo. Geti wapenta, zikomo. Koma wogula wakoyo umuuze kuti nyumbayi ili ndi nkhalamba yake mkati, ndipo imaluma."

Anayembekezera kukana, kulumbira, mwina kupsa mtima. Koma sizinatero. Vlatka anagwira pakamwa, misozi ili mbwee. Dalibor anakankhira mbale yake pambali.

"Amayi, inu simukupita kulikonse. Nyumba ndi yanu, palibe akuigula." Anadziloza pachifuwa. "Tikupita ndife."

"Kuti?"

"Ku Ireland. Ndapeza ntchito ya zomangamanga. Vlatka naye amulonjeza malo. Kuno mukuona nokha, fakitale inatseka, kalasi ya Dunja yatsala ana owerengeka. Tinyamuka Seputembala."

"Nonse?"

"Tonse."

"Ndi mwana yemwe?"

Dalibor anavomera ndi mutu. "Ndimafuna tikhaleko limodzi kunyanja kaye. Munkanena kuti munapitako kamodzi kokha ndi adadi, n'kudya nkhuyu m'mudzi wina mpaka kudwala m'mimba. Ndimati tikaufunefune mudziwo."

A Zdenka anayang'ana pawindo. Nkhuni zija zinali pomwepo, zowazidwa tizidutswa ting'onoting'ono, toti munthu wa msana wovuta anyamule yekha. Masabata onsewa anaziona tsiku ndi tsiku, osaona kuti zawazidwira ndani. Nkhondo imene anaikonzekera anaipambana: palibe amene akanawachotsa pakhomo pawo. Koma chisoni cha kupambanako chinaposa mantha aja.

Dunja analowa akuthamanga, dzira lili m'manja. "Agogo, lotentha!"

"Kaliike m'mbale, mwanawe."

Anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa mbale. Vlatka anati awathandize, iwo anamukaniza ndi dzanja, koma mofatsa.

"Novembala sungapemphe tchuthi?"

"Ntchito yatsopano, amayi. Mwina chaka chamawa."

"Mwina." Anapukuta tebulo pamene panali poyera kale. "Ku Zadar tinyamuka tsiku lanji?"

"Ndiye mupita?"

"Ndafunsa tsiku. Iwe Vlatka, madzulo ubwere undionetsenso podina paja, sindinamvetsere."

Anatsegula kabati ya pansi n'kutulutsa mpeni wautali wokulungidwa m'nsalu, umene unkatuluka kamodzi pachaka. Anauika patsogolo pa Dalibor.

"A Mato uwauze abwere ndi ngolo yawo tisananyamuke. Uwu ndi wa bambo ako, upite nawo. Kuno ulibenso ntchito."

Atatero anatenga chidebe cha zotsala n'kupita kukhola, chifukwa nkhumba inali itayamba kulira.