Chisa cha Adokowe pa Chumuni cha Evdokia

Adokowe anamanga chisa pa chumuni cha Evdokia chaka chomwe mwana wake Fotini anatenga pakati kachinayi. Maulendo atatu oyambawo anapita padera, moti mudzi wonse unali utasiya kufunsa. Ulendo uno mimba inakhazikika, ndipo Evdokia sanafune kumva zoti madokotala a mumzinda wa Serres anachitapo kanthu. Kwa iye, ntchito inali ya mbalamezo. Kwathu kuno timati nyumba yomwe adokowe amangapo ndi yodala, ndipo wophwasula chisa chawo amadziitanira maliro. Tonse tinakula tikumva zimenezi, koma Evdokia ankazikhulupirira kuposa mawu a wansembe.

Ine ndine Stamatia. Ndayandikana nyumba ndi Evdokia kuyambira tili ongokwatiwa kumene mpaka tonse takhala amasiye. Takanganapo pa nkhuku, pa malire a munda, ngakhale pa kaphikidwe ka nyemba. Ndi mayi wa mtima wabwino, koma mutu wake ndi mwala.

Mbalame zitanyamuka kuthawa chisanu, Argyris, mwamuna wa Fotini, anagula boyila ya dizilo kuti mwana akabadwa madzi otentha asamasowe. Anaiika m'kachipinda ka pansi, chipinda chawo chogona chili pamwamba pake penipeni, ndipo paipi ya utsi anailumikiza ku chumuni chakale chija, chomwe chinali chitakhala zaka osaona moto. Mmisiri amene anadzaiika ananena zinthu ziwiri zokha. Chumuni chikhale chotseguka kuyambira pansi mpaka kumwamba, ndipo pakhoma la kachipindako pakhale bowo loti moto uzipumirapo. Bowolo analiboola yekha. Koma atati aimike makwerero kuti akachotse chisa, anapeza Evdokia ataima pomwepo, manja ali m'chiuno.

"Mukakhudza chisa icho, mwakhudza mimba ya mwana wanga," anatero. "Muyambe mwandikwirira ine."

Mmisiri anayang'ana Argyris, Argyris anayang'ana pansi. Munthu wokhala m'nyumba ya apongozi sakweza mawu, ndiye uyu anali wofatsa kale ngati nkhosa. Analonjeza kuti akonza yekha, mmisiri n'kulongedza zida zake. Kukonza kwakeko kunali kukwera padenga ndi ndodo n'kutokosa kabowo m'mbali mwa chisa. Utsi unatuluka, ndipo aliyense anati nkhani yatha.

Mwana anabadwa Khrisimasi itayandikira, wamwamuna. Dzina analibe, poti dzina limadikira ubatizo, choncho tinkangomuti Kamnyamata. Ndinamunyamula, ndipo ndinalira ndi chisangalalo ngati mdzukulu wanga. Fotini analowa m'chikuta cha masiku makumi anayi, osaponda panja mpaka wansembe adzawadalitse kutchalitchi. Apa Evdokia anayamba nkhondo yake ndi mphepo. Amayi a kwathu amaopa kamphepo kolowera pampata kuposa nkhandwe yolowa m'khola. Anamata mazenera, anayala nsanza m'munsi mwa zitseko, ndipo atapeza bowo la mmisiri lija likulowetsa chisanu, anatsekapo ndi juzi yakale ya malemu mwamuna wake. Kumwamba nako mvula ndi chipale chofewa zinali kunyowetsa chisa, icho n'kumalemera, n'kumatitimira m'kamwa mwa chumuni.

Tsiku lina ndinawapititsira msuzi wa nkhuku. Nditangolowa ndinamva fungo la dizilo, ndipo pamwamba pa chitseko cha kachipinda kaja panali patada ndi mwaye. Ndisanamalize n'komwe kapu ya khofi, mutu unayamba kundiwawa. Fotini anati iye wakhala akumva mutu ndi nseru mlungu wonse, ndipo mwana sakuyamwa bwino chifukwa amangogona.

"Mwana waulemu ameneyu," anatero Evdokia monyadira. "Salira usiku, salira masana. Munamuonapo wotere?"

Ndinamuuza kuti mwana wosalira si wonyaditsa, kuti m'nyumbamo munali utsi, ndipo achotse juziyo, aitanenso mmisiri. Anatenga kapu ya madzi, n'kudonthezamo mafuta a olivi uku akunong'ona pemphero lomwe kwathu timachotsera diso loipa la munthu wanjiru. Mafuta anabalalika m'madzimo, chizindikiro choti alipo walodzedwa. Anayasamula kawiri, kenako n'kundiyang'ana.

"Alodzedwa ndi diso," anatero. "Ndipo walowa muno ndi ndani, amnzanga? Ndinu, a maso obiriwira, mwana osabalapo. Sindikuti mumachitira dala, koma mutipatseko mpata mpaka chikuta chithe."

Mawu amenewo anandilasa pomwe pamapweteka, ndipo ndinatuluka nditakwiya. Komabe madzulo ake ndinamudikira Argyris pamsewu akutsika mu lole yake. Anamvetsera mwaulemu. Anati iyenso mutu umamuwawa m'mawa koma akatuluka umasiya, ndiye mwina n'kutopa chabe. Anati, "Azakhali, chikuta chikangotha ndimuitana mmisiri. Panopa amayi sangalole mlendo kulowa." Ndinamuuza kuti akwere padenga lero lomwe, agwetse chisacho, zamwano zibwere kwa ine. Anaseka mwamanyazi, ndipo m'mawa mwake ananyamuka ndi katundu kupita ku Thessaloniki.

Lamlungu kunacha kozizira koopsa, madzi ataundana m'migolo. Kutchalitchi Evdokia anakhala mbali yake, ine yanga. Ndinamumva akuuza amayi ena kuti wasiya atakweza moto wa boyila kuti akabwerera asambitse mdzukulu. Potuluka tinatsatana m'njira osalankhulana. Nyumba iliyonse inali kufuka utsi wowongoka mumpweya wozizirawo. Titafika pampanda pake ndinamva boyila ikulira m'kati, ndinakweza maso, ndipo pa chumuni chake sipankatuluka kanthu.

Sindinapemphe chilolezo. Ndinamukankha Evdokia pakhomo n'kukwera masitepe, mawondo anga okalambawa akuchita kuphokosera. M'chipindamo munali motentha ngati mu uvuni. Fotini anali gone pansi pafupi ndi bedi, atasanza, akupuma mokoka. Zenera linakana kutseguka chifukwa cha zomata zija, choncho ndinaliswa ndi mpando n'kukuwa. Amuna ochokera kutchalitchi anathamanga, anamunyamula Fotini kutuluka naye, wina n'kuimbira ambulansi. Fotini anapulumuka.

Kamnyamata ndinamutenga ndine. Ndinatuluka naye pabwalo, ndinamuvula zofunda zonse, ndinamugwedeza, ndinamuuzira mpweya m'kamwa monga ndinaonera anamwino akuchita. Thupi lake linali lofunda, koma kunali kufunda kwa chipinda. Kachifuwa kake sikankayenda. Mantha anandithera, n'kutsala chisoni chokhachokha, ndipo ndinangokhala pansi, pachipale chofewa, nditamufukata.

Evdokia anatuluka ndi bulangete, akupunthwa pamasitepe.

"Mwamutulutsiranji, Stamatia? Masiku sanakwane. Mundidwalitsira mwana ndi mphepo." Anagwada pambali panga, anamufunditsa bwinobwino, n'kumukonza kachipewa kuti katseke makutu. Amayi amene anatizungulira anayamba kulira, koma iye sanatembenuke. Anamusisita tsaya ndi chala. Utsi uja unali utamufiiritsa nkhope kuposa masiku onse a moyo wake.

"Taonani masaya akewa," anatero motsitsa mawu. "Ali bwinobwino. Musasokose, mumudzutsa."