Mapiritsi a Alamu

Dokotala anapachika zithunzi ziwiri za ubongo pagalasi lowala. Pa chakumanzere, chakale, panali chotupa ngati dzira. Pa chakumanja, chatsopano, panangotsala kachithunzithunzi.

"Mayi, kanyama tinachotsa m'mutu mwa amuna anu akayeza ku labotale. Apezamo maselo akufa okhaokha."

"Ndiye kuti achira?" anafunsa mayiyo.

Alamu ake anakonza tayi. Anagulitsapo mankhwala m'famase zaka makumi awiri, ndipo pabanja sankalola munthu kutsokomola osawafunsa.

"Ndinanena ine, mlamu. Chathawa."

"Chathawadi," anatero dokotala, osaseka. "Tikuganizira khansa ya maselo oyera a magazi. Imeneyi ikakumana ndi mapiritsi ochotsa kutupa imabisala, kenako imabwerera yolusa. Koma m'fayilo mulibe amene analemba mapiritsi otere. Amuna anu anamwa chilichonse tisanaboole mutu?"

Alamu anayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma mwachidwi chachikulu.

Mayiyo anafinya chikwama chake. Botolo la mapiritsi linali momwemo. Alamuwo ndiwo analibweretsa atalikulunga m'mpango, sabata imene mwamuna wake ankamuyang'ana n'kumufunsa kuti, "Ndinu nesi?" Atamwa masiku atatu mutu unaleka, anamuzindikira, mpaka anadandaula kuti tiyi wachepa shuga. Ankamumwetsa ndi mayiyo mwiniwake, m'mawa ndi madzulo.

Anatulutsa botololo n'kuliika patebulo.

"Anakupatsani ndani?"

"Ndinawamwetsa ndi ine, adokotala."

"Kwenikweni, m'nthawi yathu..." anayamba alamu.

"Alamu, nthawi yanu inatha. Khalani chete."

Dokotala anawerenga pabotolo, nausa moyo. "Popanda kuiona ndi maso, sitingayambe mankhwala a khansa. Mapiritsiwa muzichepetsa pang'onopang'ono, kuyambira lero theka, mpaka asiyiretu. Chotupacho chikameranso, tidzaboolanso."

"Mutu udzayambiranso?"

"Udzayambiranso."

"Adzandiiwalanso?"

Dokotala anatseka fayilo. "Mwina. Mukangoona choncho, muthamangire kuno."

Panja, pabenchi ya m'khonde, mwamuna wake anali atakhala ndi bandeji kumutu, akuseketsa mayi wokolopa.

"Mayi a ana! Mwakhalitsatu. Nthawi ya kapiritsi kanga siinakwane?"

"Yakwana, bambo."

Anaika piritsi pachikhatho, nalidula pakati ndi chikhadabo.

"Theka? Lero mwayamba kuumira?"

"Imwani."

Theka linalo analibwezera m'botolo. Alamu anaima pambali atagwira kapu ya madzi ndi manja awiri, ntchito yokhayo ya udokotala imene inawatsalira.