Khoma la Nsalu pa Bedi la Bambo

Mayi Telala atabwerako kochapa zovala, anapeza amuna awo ali pansi, chipumi chitatupa. Aka kanali kachiwiri kugwa chilowereni m'chipatala.

Bambowo anadwala sitiroko, matenda amene anawapha dzanja ndi mwendo wakumanja, n'kuwatsekanso pakamwa. Akati atembenuke, mbali yamoyo inkakankha, mbali yakufayo n'kuwakokera pansi. Bedi lawo linalibe zitsulo zotchinga m'mbali. Mabedi a zitsulo analipo ochepa, ndipo onse anali ndi odwala.

Wodwazika matenda anali Mayi Telala okha. Ana awo ankagwira ntchito kutali, ndipo pafoni ankangoti, "Amayi, limbani mtima, tibwera tikapeza mpata." Nthawi yoona odwala ikakwana, wodi yonse inkadzaza anthu, madengu ndi kuseka. Pa bedi lawo pokha pankangoti zii. Mayiwo ankawafotokozera amuna awo za mvula ndi za madiresi amene anawasiya osamaliza, koma bambowo ankangoyankha ndi maso.

"Ndingamasambe bwanji? Ndingamachape bwanji?" anadzifunsa motero. Anatulutsa singano ndi ulusi m'chikwama, napinda nsalu yolimba, n'kusoka lamba wamkulu. Anawadutsitsa amuna awo lambayo pachifuwa, namangirira kunsi kwa bedi. Kenaka anapita kukasamba mtima uli m'malo.

Pobwera anapeza namwino wamkulu wa wodiyo akudula lambayo ndi lumo. Bambowo anali atatsetsereka, lamba n'kukwera mpaka pakhosi. Ankapuma mobanika, maso ali tong'o.

"Wamanga ichi ndani?" anafunsa namwinoyo.

"Ndine, a Sisitala. Ndimafuna asagwenso."

"Mayi, ndikanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Munthu wosatha kuitana sitim'manga chonchi. Chilichonse chimene mukufuna kuika pa wodwala, muziyamba mwatifunsa."

Anthu onse m'wodimo ankawayang'ana. Mayi Telala anatola zidutswa za lambayo, nakakhala pabenchi panja. Analira mwakachetechete, ndipo panalibe wowafunsa chimene ankalirira.

Patapita kanthawi, namwino uja anabwera n'kukhala pambali pawo. Anatenga chidutswa chimodzi n'kuyang'ana msoko wake.

"Mwasoka ndi manja chonchi? Ndiye pa makina mumasoka bwanji?" anatero. "Vuto mwaliona bwino, njira ndiyo yalakwika. Bambo tawasendeza pafupi ndi tebulo lathu, tayalanso matiresi pansi. Tiyeni ndikakuonetseni munthu wina."

Anakalowa m'chipinda chodzaza njinga za odwala zothyoka mateyala ndi mitengo yopachikapo madiripi. Mwini chipindacho anali wokonza zipangizo za chipatala, amene onse ankamutcha a Sipanala. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta girizi m'manja.

"M'malo momanga wodwala, bwanji timange bedi?" anatero a Sipanala. "Ine ndipinda mapaipi awiri m'mbalimu. Koma chitsulo chopanda kanthu chimavulaza munthu wofooka."

"Ndiye ndikunge nsalu pakati pa mapaipiwo, m'kati ndiikemo siponji," anatero Mayi Telala. "Akagubuduka azitsamira pofewa."

Tsiku lotsatira namwino analonjeza kuyang'anira bambowo, ndipo mayiwo anapita kunyumba kukasoka. Atatsekula chitseko anakumana ndi fungo la nyumba yosakhalamo anthu. Nsapato za amuna awo zinali pakhomo, zitachita fumbi. Anavundukula makina, nayamba kupalasa. Nthawi zonse bambowo ankadandaula kuti phokoso la makinawo limawasokoneza kumvera wayilesi. Tsiku limenelo panalibe wodandaula.

Khoma loyamba la nsalu litatha, Mayi Telala anabwerera nalo kuchipatala, nafuna kulimangirira pomwepo pa bedi la amuna awo.

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero a Sipanala. "Wodwala woyamba ndine."

Analimangirira pa bedi lopanda munthu, iwo n'kugonapo, nayamba kugubuduka. Mwadzidzidzi mutu wawo unalowa pampata wa pakati pa nsalu ndi matiresi.

"Mwaona? Ine ndatha kudzichotsa, mutu wangawu ngakhale uli ngati dzungu. Nanga bambo akanatani?"

Namwino naye anathira madzi pansaluyo, madziwo n'kulowerera m'siponji. "Ichi chizisunga tizilombo ta matenda. Pakufunika nsalu yosalowa madzi, yoti tizipukuta ndi mankhwala. Komanso mfundozi zachuluka. Wodwala akabanika tiyenera kutsegula msangamsanga."

Mayi Telala anamva kuwawa mumtima. Anasoka chinthucho ndi mphamvu zawo zonse, koma anthu awiriwa ankangochipezera zifukwa. Atabwerera m'wodi anawauza amuna awo, "Bambo, akuti chalakwikanso." Bambowo anawagwira chala ndi dzanja lamoyo lija, osachisiya.

Anapitanso kunyumba. Anasula misoko yonse, nasintha nsalu. Anaitalikitsa kuti izilowa kunsi kwa matiresi, mpata uja utsekeke. M'malo mwa mfundo anaika zomangira ngati za chikwama, zotseguka ndi chala chimodzi. Atabwerera nalo kuchipatala, a Sipanala anagubudukanso pa bedi loyesera lija, kukankha ndi mapazi, kutsamira ndi thupi lonse. Khomalo silinasunthe. Kenaka analitengera kwa madokotala ndi gulu loona za chitetezo cha odwala. Iwo analiunika, nalola kuti liyesedwe pa bedi limodzi, anamwino akuyang'anira.

Masana ena Mayi Telala anaona amuna awo akutembenuka ali m'tulo. Thupi linapendekera kumbali monga kale. Mayiwo anadzuka, manja ali m'mwamba. Koma bambowo anangotsamira nsalu ija, napitiriza kugona. Mayiwo anakhalanso pansi. Anasuzumira kupaseji kuti mwina aona a Sisitala kapena a Sipanala awauze, koma onse anali pantchito zawo. Anangoseka okha, akupukuta misozi.

Bambowo sanagwenso mpaka tsiku lotuluka. Chipatala chinapempha Mayi Telala kuti asoke makoma ena, ndipo namwino anawaimika patsogolo pa odwazika matenda onse kuti anenepo mawu.

"Ine sindidziwa kulankhula pagulu," anatero. "Koma ndinatsala pang'ono kupha amuna anga ndi chinthu chimene ndinasoka chifukwa chowakonda. Inu amene mumakhala pambali pa wodwala ndinu mumaona mavuto ake, ndipo nzeru muli nazo. Musazibise, komanso musaziyesere pa wodwala muli nokha. Pitani nazo kwa anamwino ndi okonza zipangizo. Chinthu chiyambe chayesedwa ndi kuvomerezedwa, kenaka chifike pa bedi la m'bale wanu."