Chala cha Lameck pa Ukwati wa Idesi

Ku Zemba kunalibe munthu wokonda nyimbo za Lameck, ndipo iye ankanyadira zimenezo. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito pachigayo, atayera mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze. Loweruka ankasamba, n'kumangirira panjinga mawailesi awiri a kaseti, sipika ndi batire ya galimoto, basi wasanduka dijeyi. Anthu ankafuna rumba ndi kalindula, iye ankawapatsa ndithu, koma mtima wake unali pa makaseti opanda dzina amene dalaivala wina wa lole ankamubweretsera kuchokera ku Joni. Zinali nyimbo zopangidwa ndi makina, zopanda woimba, zongoti du du du mpaka tepi kutha. Akangoyesa kuika imodzi, pabwalo pankatsala agalu okha.

"Watibweretsera chigayo kuno?" anthu ankakuwa.

Iye sankakana. Chigayo ndicho chinamuphunzitsa kuti phokoso lobwerezabwereza, ukalimvetsera modekha, limayamba kukuvinitsa mutu. Mphunzitsi wake wina anali atate ake, a Zebron, oimba mbalule kugule wamkulu, amene ankati ng'oma silamula mwendo koma imautsata. Motero Lameck anazula zitseko za mawailesi ake onse awiri kuti chala chizifika pa kagudumu ka labala kokoka tepi. Akakakanikiza, nyimbo inkachedwa. Akakasiya, inkathamanga. Ndi chala chimenecho ankalumikiza nyimbo ziwiri osamveka msoko, ngakhale kuti panalibe womuyamikira.

M'chaka cha 1996, anthu atamaliza kukumba mtedza, Idesi anafika pachigayo ndi lichero la chimanga chochepa kwambiri moti aliyense akanadziwa kuti sanabwerere ufa. Ameneyu ndiye mtsikana amene Lameck anamufunsira kale, ndipo iye anali atalola. Koma bambo ake, a Simoni, mkulu wa mpingo wa Pentekoste pa boma la Chadiza, anati mwana wawo sangakwatiwe ndi mwana wa nyau, nkhani inathera pomwepo. Tsopano Idesi ankakwatiwa ndi Philemon, mphunzitsi wa ku Pembamoyo, munthu wabwino mtima mokwiyitsa, wosapatsa mnzake mpata womuda.

"Atate akufuna inu paukwati," anatero Idesi. "Akana rumba. Akuti nyimbo ya m'chinenero chimene sitikumva, tidziwa bwanji kuti sakutitukwana? Akufuna zanu zopanda mawuzo."

Lameck anaseka mpaka ufa unagwa m'tsitsi. Zaka zonsezi akusowa womvera, kenaka womvera woyamba n'kukhala a Simoni!

"Koma pali vuto," Idesi anatsitsa mawu. "A Philemon satha kuvina. Tayeserera, zakanika. Ndiye azakhali anga, a Mailesi, akubwera kuchokera ku Zingalume."

Apa Lameck analeka kuseka. A Mailesi ankadziwika dera lonse popatsa akamwini mayina. Bambo wina anamutcha Chitsa pa ukwati wake, lero ali ndi zidzukulu, koma ngakhale kuchipatala amamuitana kuti a Chitsa. Dzina la a Mailesi silichoka ndi sopo.

"Musandichititse manyazi, a Lameck. Ndikudziwa kuti muli nacho chifukwa."

Chifukwa anali nacho, chachikulu ndithu, ndipo sabata yonse ankachisisita mumtima. Anasankha kaseti yothamanga kuposa onse, n'kudziuza kuti waisankha chifukwa ndi yokoma.

Tsiku la ukwati dzuwa linali phwee, anthu atadzaza pabwalo la a Simoni, ngolo ndi njinga zili mbwee kuseri kwa nkhokwe. A Mailesi anakhala kutsogolo penipeni, chitenje chatsopano, maso ali tcheru ngati a mphamba. Akwati ataima kumapeto kwa bwalo kuti alowe movina, Lameck anatsegula wailesi yoyamba, chala chili kale pa kagudumu.

Philemon ananyamula mwendo. Kalanga ine! Munthu ankaponda ngati akupondaponda dothi loumbira njerwa: kamodzi mwamphamvu, kenaka kuima n'kuganiza, kenaka kawiri mofulumira ngati wakumbukira kuti wasiya mbuzi m'munda. Thukuta linali kale m'kolala. A Mailesi anayamba kugwedeza milomo, kulawa dzina.

Ndipo Lameck anaona kuti sankafunika kuchita choipa chilichonse. Kungochotsa chala basi. Nyimbo ikanathamanga payokha monga anaipangira eni ake ku Joni, Philemon akanatsala m'mbuyo ngati ngolo yothyoka gudumu, ndipo palibe akanaloza dijeyi. Kunena zoona, chala chinanyamuka pang'ono. Nyimbo inalumpha, Philemon anapunthwa, ana anayamba kuseka.

Idesi sanayang'ane kwa Lameck. Anagwira dzanja la mwamuna wake, nkhope ili gwa, akuvina pang'onopang'ono kuti amudikire. Zimenezo ndizo zinamupweteka Lameck. Akanamuyang'ana mopempha, mwina akanauma mtima. Koma mtsikanayo anali atakonzeka kunyozedwa limodzi ndi munthu wakeyo, ndipo Lameck anachita manyazi.

Anabwezera chala. Anasiya kumvera nyimbo, n'kuyang'ana nsapato za Philemon zokha. Mwendo ukachedwa, ankakanikiza, nyimbo n'kubuula ngati ng'ombe, n'kugwa du pomwe nsapato yagwera. Mwendo ukafulumira, ankamasula. Philemon akaima kuti aganize, Lameck ankatsitsa wailesi yoyamba n'kukweza yachiwiri, momwe munali kulira kwa injini ya chigayo kumene anajambula yekha, moti kuimako kunkaoneka ngati kwadala. Kagudumu kanatentha, labala inayamba kudya khungu, iye osachotsa.

Anthu anayamba kuona zachilendo. Kulikonse kumene mphunzitsi waponda, ng'oma ili pomwepo. Akagwedeza phewa mwangozi, nyimbo yagwedezeka naye. Mnyamata wina anayesa kutsanzira, anaphonya, anzake n'kumuseka iyeyo. "Ndi sitepe ya ku Lusaka imeneyo!" wina anakuwa, ndipo nkhani inafalikira bwalo lonse kuti aphunzitsi anaiphunzira ku koleji. Philemon, atamva nthungululu, mantha anamuthera, n'kuyamba kuponda molimba mtima, molakwika kuposa poyamba. Lameck anatsata chilichonse, mano ali chilumire.

A Mailesi anadzuka, n'kumanga chitenje m'chiuno. Bwalo lonse linatchera khutu kudikira dzina.

"Mkamwini uyu ndi Mphezi!" anatero, n'kulowa m'bwalo iwo eni. Anthu anakhamukira pambuyo pawo, fumbi koboo, onse akuvina nyimbo ya makina imene ankaithawa zaka zonsezi. Ngakhale a Simoni ankagwedeza bondo pansi pa tebulo.

Nyimbo itatha, Philemon anabwera kwa dijeyi akupuma wefuwefu, nkhope ikuwala.

"Achimwene, nyimbo zanuzi n'zovuta," anatero, "koma mwaona mmene ndazigonjetsera?"

"Ndaona, aphunzitsi," anayankha Lameck, dzanja atalibisa m'thumba. "Sindinaonepo munthu wovina chotero."

Idesi anafika kudzatenga mwamuna wake. Lameck anadikira kuti mwina anena kanthu, kapena angomuyang'ana pang'ono posonyeza kuti wadziwa. Koma maso a mkwatibwi anali pa Philemon, odabwa, onyada, ngati akumuona koyamba.

"Inu, bwanji munkandibisira kuti mumatha?" anatero akuseka, n'kumupukuta thukuta ndi kansalu koyera.

Nayenso anali atakhulupirira. Lameck anawayang'ana akubwerera kumpando wawo, mapewa akugundana, ndipo mtima unamuwawa kuposa tsiku limene a Simoni anamukana. Anthu anali akukuwa kale kuti abwereze ya Mphezi ija. Iye anatulutsa kasetiyo, n'kuyamba kuibweza ndi bolopeni.