Khoswe Pakhoma la Khoti

Adwubi anafika kukhoti ku Kumasi atavala nsalu yake yopitira kutchalitchi. Anabwera kudzaikira kumbuyo mlongo wake Ofosu, amene ankaimbidwa mlandu wogulitsa mafuta a kanjedza oipa. Iye ankaoda mafutawo kwa Ofosu yemweyo n'kumakagulitsa kumsika, ndipo ndi omwewo ankaphikira ana ake.

"Ukangonena kuti sunamvepo munthu akudandaula, basi," anatero Ofosu ali pakhonde. "Zinazo athana nazo ndi loya."

"Musade nkhawa achimwene. Ndi kaduka chabe aka."

M'khotimo anatseka makatani. Woimira boma anayatsa makina oonetsera kanema pakhoma, ndipo khoma lonse linasanduka shedi yomwe Ofosu ankakonzeramo mafuta, monga anaijambulira oyendera zaukhondo.

Poyamba kunaoneka migolo yokhayokha. Kenako mwamuna wina wopanda malaya, thukuta lili kamukamu, akutakasa mafuta ndi thabwa lotola pansi. Mnzake anabwera ndi utoto wonyikira nsalu n'kuukhuthulira momwemo. Mafuta otuwa aja anafiira psuu, kufiira komwe makasitomala a Adwubi ankakuyamikira tsiku ndi tsiku.

Loya wa Ofosu anaimirira. "Olemekezeka, chakuda chikuyandamacho chikhoza kukhala khoko la kanjedza. Chithunzichi sichikuoneka bwino."

"Tachikulitsani," anatero woweruza, mayi wachikulire wa magalasi.

Anachikulitsa. Anali khoswe wakufa, wotupa, ubweya utayamba kusosoka, ndipo pakhomapo anakula ngati mbuzi. Wopanda malaya uja anamuvuula ndi mchira, n'kumufinya kuti mafuta abwerere mumgolo, kenako n'kumuponya pakona. Kumbuyo kwake kunali Ofosu, akutafuna nthochi yootcha, akuseka.

Mayi wina anatuluka atagwira pakamwa. Adwubi anakumbukira msuzi wadzulo lake, ndi mwana wake wamng'ono Pokuaa akukombeza mbale ndi chala.

Atamuitana kuti apereke umboni, loya uja anamufunsa mokoma ngati anakayikirapo mafuta a mlongo wake.

"Ayi, sindinakayikepo. Ndinali chitsiru." Anatembenukira kwa Ofosu. "Achimwene, Pokuaa munkamukhazika pamiyendo panu akudya zimenezi. Ndiye chifukwa chake inu kwathu munkangoti mwakhuta?"

Ofosu anayang'ana pansi.

"Mboni iziyankhula ndi khoti," anatero woweruza, koma motsitsa mawu.

Khoti linamupeza Ofosu wolakwa, ndipo shedi yake linaitseka. Adwubi asanafike n'kunyumba komwe, mayi ake aang'ono anaimba foni kumukalipira kuti wavula banja pagulu. Anawamvetsera pang'ono, n'kudula.

Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba n'kukhuthuliramo zigubu zonse, ngakhale za mafuta amene anaoda kwa anthu ena. Miphika anaikwecha ndi mchenga mpaka mikono kulema. Manja anasamba ndi sopo, kenako ndi phulusa, koma kufiira kwa m'zikhadabo kunakana kuchoka.

Atabwerera kumsika anayala tomato ndi anyezi. Makasitomala akale akafunsa mafuta, ankangopukusa mutu.