Mapedulo M'thumba la Mkamwini

A Goliati anali asanapemphepo kanthu kwa mkamwini wawo, Walter, mpaka tsiku limene akazi awo anagonekedwa m'chipatala. Walter anali mphunzitsi, ndipo anali ndi njinga yopinda, ya mapedulo ongozula ndi zala ziwiri.

"Akamwini, tandibwerekani njinga ndikaone apongozi anu," anatero mkuluyo, chipewa chili m'manja.

Pakhonde panali alendo, choncho Walter anamwetulira mano onse. "Aa, bambo, mpaka kupempha? Ndi yanu imeneyi!" Anaitambasula, kupukuta chishalo, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Alendo anayamikira ulemu wake.

Atafika pamsewu, a Goliati anakwera, koma phazi linangoponda mphepo. Mapedulo panalibe. Atacheuka, anaona Walter ataima pakhonde akuwayang'ana, dzanja likusewera ndi tizitsulo m'thumba la jekete.

Kubwerera kukafunsa kukanakhala kuyalutsa mkamwini pamaso pa anthu, ndipo mkwiyo wake akanaulawa ndi mwana wawo, Lenia. Kuisiya pathengo, akuba akanaitola. Anangoikankha, kuchokera ku Fort Lister mpaka kuchipatala cha pa Boma, dzuwa likuswa mtengo, akabaza akuwaseka kuti, "Agogo, njingayo ndiye yakukwerani!"

Anafika nthawi yoona odwala itatha, geti lili lotseka. Phala limene ananyamula linabwerera lozizira.

Madzulo anabweza njinga ija ataitsuka. Walter anayang'anitsitsa matayala, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwaisamala bwino, bambo. Mawanso mudzatenge."